Zimene ndabwera nazo ku msonkhano wa sola ku Ulongwe

Amfumu, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a gulu lathu la alimi kuno ku Domwe, zikomo pondituma. Ndalemba kuti ndi ana athu ali ku Moatize ndi ku Tete awerenge pa foni, poti ambiri mwa iwo ndiwo amatigulira zipangizozi.

M'mawa tinamva za malamulo. Boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo la Decreto 93/2021 loyendetsa magetsi a kumadera kumene mawaya a EDM, kampani ya boma ya magetsi, sanafike. Woyang'anira ndi bungwe la boma loona za mphamvu la ARENE, pamene za miyezo ya katundu zili m'manja mwa bungwe la INNOQ. Wina anafunsa chifukwa chake tikugula sola pamene damu lopanga magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino. Funsolo linandikhudza, koma si limene munanditumira.

Chimene chinanditsegula maso ndi cha masana. Katswiri wina anaika mapanelo awiri padzuwa, onse olembedwa mawati ofanana, n'kuwapima ife tikuona. Imodzi inapereka mphamvu yochepa kwambiri. Abale anga, nambala yomatidwa kumsana kwa panelo aliyense angathe kuisindikiza. Pali muyezo wa dziko lonse lapansi, IEC 62257-9-8, wa zipangizo za pakhomo zosapitirira mawati 350, ndipo bungwe la VeraSol limaika pa intaneti mayina a zimene zinayesedwa n'kupambana. Muyezowu umafuna kuti zolembedwa pa katoni zikhale zoona, batire itetezedwe kuti isadzaze mopitirira kapena kutheratu, ndiponso wogula apatsidwe garantiya yolembedwa: chaka chimodzi pa tinyali ting'onoting'ono, zaka ziwiri pa sola ya nyumba yonse.

Apa ndinakumbukira batire imene ndinagula chaka chatha nditagulitsa mbatata. Inafa isanathe miyezi inayi, ndipo wogulitsa anandikana chifukwa ndinalibe fatura, risiti yogulira. Koma ndivomere, mbali ina ndinaipha ndekha. Ndinalumikiza panelo ku batire mwachindunji, popanda kabokosi koyang'anira kudzaza kaja, ndipo usiku uliwonse tinkaikama mpaka nyali kuzima. Batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka.

Za ngozi ndikupempheni mumve bwino, chifukwa nyumba zathu zambiri ndi zofolera ndi udzu. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Waya woonda amatentha, ndipo wolumikiza pongopotokola n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki ndiye amayambitsa moto. Batire ya asidi ikamadzaza imatulutsa mpweya woyaka, choncho isakhale kuchipinda kogona ana, kapena pafupi ndi koloboyi ndi mbaula. Ikafa musatayire asidi wake kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Mtovu uli m'katimo ndi poizoni. Ya lithiamu ikatupa, isiyeni, musaiboole.

Panelo iyang'ane kumpoto, pasakhale mthunzi wa mtengo, ndipo fumbi la Okutobala muzilipukuta. M'nyengo ya nkhungu ya Juni ndi Julaye mphamvu imachepa, si kuti yawonongeka.

Pamene sindinakhutire ndi pa mtengo. Zoyesedwazo n'zodula kuposa za m'misika ya m'malire, ndipo ndinaimirira n'kunena kuti mlimi amagwira ndalama kamodzi pa chaka. Anatiuza za makampani olola kulipira pang'onopang'ono pa M-Pesa, koma dziwani kuti mukadumphitsa kulipira amazimitsa magetsiwo ali kutali. Werengani pangano musanasaine, ndipo amene Chipwitikizi chimawavuta abwere tiwerengere limodzi.

Maganizo anga ndi akuti chaka chino tikakolola tigule pamodzi kwa wogulitsa mmodzi wovomera kulemba fatura ndi garantiya, komanso tisankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, akaphunzire kulumikiza. Loweruka tikakumana kwa amfumu, aliyense ali ndi sola abwere atajambula kumsana kwa panelo yake ndi pamene pakhala batire. Tidzayambira nyumba zimene zilibe fyuzi.