Mkulu wa asilikali amene anatsogolera agogo athu ku Burma

Akonzi,

Mwezi wa Novembala uliwonse, pamene tikukumbukira asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu, mkulu wa asilikali wa ku Britain amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Montgomery, chonsecho agogo athu a King's African Rifles amene anapita ku Burma (kumene lero timati Myanmar) ankalamulidwa ndi munthu wina, William Slim. Ndapempha danga kuti ndimutchuleko.

Slim anabadwa mu 1891 m'banja wamba, ndipo anavulala pa nkhondo ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915 asanalowe m'gulu la asilikali a ku India. Mu Malichi 1942 anapatsidwa asilikali amene anali atayamba kale kugonja, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuwatulutsa m'dziko la Burma, asilikali a Japan ali pambuyo, mpaka kukafika ku India. Kwa atsogoleri ambiri, ntchito ikanathera pomwepo. Iye anapatsidwa gulu lalikulu la Fourteenth Army mu 1943, nagonjetsa Ajapani ku Imphal ndi ku Kohima, m'dziko la India, mu 1944.

Chimene chimandigwira mtima, komabe, ndi nkhondo yake yolimbana ndi malungo. Slim anaona kuti matenda ankagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo, choncho analamula kuti aliyense azimwa mapilitsi a mepacrine tsiku ndi tsiku. Mapilitsiwo anali owawa, ndipo kunali mphekesera yoti amafooketsa mwamuna m'nyumba, motero ena ankangowataya. Asilikali anayamba kuimikidwa pamzere, wamkulu wawo akuyang'anitsitsa mpaka aliyense atameza, ndipo mtsogoleri amene anthu ake apezeka kuti sakumwa ankachotsedwa paudindo. Ife a kuno, amene malungo timawadziwa bwino, sitingaone zimenezi ngati nkhani yaing'ono.

Mu 1944 momwemo, mvula ili pakati, gulu la 11th East African Division, momwe munali anyamata ochokera ku Nyasaland, linatumizidwa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, chodzaza ndi matope ndi udzudzu, ndipo pofika Disembala linali litafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Njira imeneyo inathandiza Slim kulanda mizinda ya Meiktila ndi Mandalay mu Malichi 1945.

Mu 1948 Slim anakhala mkulu wa asilikali onse a pamtunda a Britain, ndipo anamwalira mu 1970. Chonde, Novembala akubwerayu, nyuzipepala yanu ilembeko za chigwa cha Kabaw ndi anthu athu amene anayendamo.

Wowerenga wanu,
Zomba