Kalata kwa mnzanga wa ku Leeds: mulole mwanayo ajambule

Mnzanga wapamtima,

Landira moni wochokera kuno ku Blantyre. Tonse tili bwino, kungoti dzuwa lake mwezi uno likuotcha ngati tinalakwira wina. Amayi mwendo uja wayamba kupepuka, ayambiranso kupita kudimba ngakhale timawaletsa.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvetsera, ndipo ndaona kuti yankho lake silingakwane pa foni. Ukuti chimwalirireni bambo ake, mtsikana wako wangoti zii, akudzidzimuka usiku, wayambiranso kukodza pogona, ndipo kusukulu akuti azikakumana ndi katswiri wa art therapy, chithandizo cha maganizo kudzera m'zojambula. Ndinamva m'mawu mwako kuti zakunyansa. "Mwana wanga akuvutika, iwo akufuna kumupatsa makirayoni?" Ine ndikuti mulole apite.

Iwe ndi ine tinakula tikumva kuti mwana sadziwa maliro. Pakagwa zovuta ana ankawatumiza kwa aneba, akafunsa ankawauza kuti agogo apita kutali, basi nkhani yathera pomwepo. Akuluakulu ankati ana amaiwala msanga. Saiwala ayi, mawu ndi amene amawasowa. Ngakhale iwe wamkuluwe, munthu akakufunsa kuti mumtima muli bwanji, umangoti "tilipo". Nanga mwana wa zaka 7 anganene chiyani? Chisoni chake chimatulukira kwina: m'mimba kupweteka popanda matenda, kumenya anzake, kukakamira mayi, kubwerera ku zaukhanda monga akuchitira wakoyo.

Ndinaziona ndi maso anga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'dziko muno, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa. Ife amayi a kutchalitchi tinkapita pamsasa wina kukaphika phala. Kumeneko kunkabweranso achinyamata ophunzitsidwa za uphungu, atanyamula mapepala ndi makirayoni, n'kuyala mphasa pansi pa mtengo. Panali kamnyamata kena kamene mchemwali wake anapita ndi matope. Sikankayankhula ndi aliyense. Kankangotenga kirayoni wofiirira, n'kumakhwatcha pepala lonse mwamphamvu mpaka kubooka, kenako n'kutenga lina. Mayi ake anachita manyazi, nafuna kumulanda: "Iwe, ukuwononga mapepala a eni ake!" Mtsikana amene ankatsogolera anangoti, "Musiyeni mayi, mapepala alipo." Anakhala pambali pa mwanayo, osamufunsa kanthu, osamuuza choti ajambule.

Patapita masiku, pakati pa zofiirirazo panayamba kutsala kamalo koyera kozungulira. Apo m'pamene mtsikana uja anati, "Tandiuza za apa." Mwanayo anayankha kuti ndi beseni, achemwali ankatsuka mbale. Kenako anawonjezera kuti, "Ine ndinathawa osawaitana." Mnzanga, tonse amene tinamva tinangogwira pakamwa. Masiku onsewo mwana ankadziona ngati ndiye anapha mchemwali wake, ife tikumukakamiza phala. Sindikuti anachira tsiku lomwelo. Mvula ikayamba kulira pamalata ankanjenjemerabe. Koma mayi ake anadziwa chimene chinkamudya mwana wawo, ndipo anatha kumuuza mobwerezabwereza kuti silinali tchimo lake. Ana ambiri amadziimba mlandu chotere munthu akamwalira. Amaganiza kuti chifukwa anachita mwano, kapena analakalaka zoipa tsiku lina atakwiya, ndiye zachitika. Wakoyo mwina ali ndi lake limene walisunga.

Zimene ankachita achinyamata aja zinali chithandizo choyamba chabe. Kumene uliko, ntchitoyi ndi ya anthu amene anaiphunzira mozama. Ku Britain munthu saloledwa kudzitcha art therapist asanalembetsedwe ku bungwe la HCPC, lomwe limayang'aniranso akatswiri ena azaumoyo, ndipo kuti alembetsedwe amayenera kukhala ndi digiri ya masitazi. Uli ndi ufulu wofunsa ngati amene adzaone mwana wakoyo analembetsa. Kawirikawiri amakumana kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, chipinda chomwecho, pafupifupi ola limodzi. Kusasinthasinthako n'kofunika kwa mwana amene zonse zamusinthira mwadzidzidzi. Pamakhala utoto, mapensulo, dongo, nsalu, ndipo mwana amasankha yekha. Si kalasi, palibe kuchonga, palibe kuti uyu ndiye waluso. Zithunzizo katswiriyo amazisunga, ndiye usadzadabwe mwana akamabwera chimanjamanja. Ubwino wa pepala ndi woti chinthu choopsa chikatuluka m'mutu n'kukhala patebulo, mwana amatha kuchiyang'ana ali patali, kuchifufuta, kuchiphimba, kuchijambuliranso mpanda. Komanso kuyankhula maso ali pa chithunzi n'kopepuka kuposa kuyang'anizana ndi munthu wamkulu.

Si zongobwera dzulo ayi. Dzina loti art therapy linayamba m'chaka cha 1942 ndi katswiri wojambula wa komweko ku Britain, Adrian Hill, amene anaona kuti kujambula kunamuthandiza pamene ankadwala chifuwa chachikulu, nayamba kulimbikitsa odwala anzake kuti nawonso azijambula. Bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain linakhazikitsidwa mu 1964, la ku America mu 1969. Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mayi wina wachiyuda, Friedl Dicker-Brandeis. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatsekeredwa ku Terezín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo m'menemo ankaphunzitsa ana kujambula pa timapepala tilitonse tomwe akanatha kutola. Asanamutengere ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz mu 1944, komwe anakaphedwa, anasiya zithunzi za anawo zoposa 4,000 m'masutikesi awiri. Ambiri mwa anawo sanapulumuke, koma zithunzi zawo zikusungidwa ku Prague mpaka lero. Edith Kramer, amene anaphunzira kwa mayiyu nkhondo isanayambe, anathawira ku America ndipo anakhala mmodzi wa oyambitsa chithandizochi pakati pa ana ovutika ku New York.

Sindikufuna kukunamiza kuti ndi mankhwala a chilichonse. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lounika kafukufuku woposa 3,000 wa zaluso ndi umoyo, ndipo linapeza kuti luso limathandizadi poteteza ndi posamalira thanzi. Koma lipotilo linaphatikiza nyimbo, magule, zisudzo ndi zina, ndipo kafukufuku wambiri wokhudza ana ndi zojambula amachitika pa magulu ang'onoang'ono. Ana ena zimawathandiza kwambiri, ena amafunika chithandizo chinanso pamwamba pake. Ukaona kuti wasiyiratu kudya, akudzivulaza, kapena akunena zofuna kutsatira bambo ake, usadikire tsiku la makirayoni, thamangira kwa dokotala.

Kupatula za chisoni, kujambula kumamukuza mwana aliyense. Kamwana ka zaka ziwiri kamangokhwatcha mizere, pofika zaka zitatu kapena zinayi kamajambula munthu wamutu waukulu miyendo ikuchokera m'mutu momwemo, kenako thupi, zala, nyumba, dzuwa pakona. M'menemo zala zikulimba kukonzekera kugwira pensulo, maso ndi dzanja zikuphunzira kumvana, mwana akuphunzira kusankha, kudikira utoto uume, ndi kupirira chinthu chikapanda kutuluka monga ankafunira. Ifetu tinali nazo zonsezi osadziwa. Ukukumbuka ng'ombe zadongo zimene tinkaumba kudambo, nyanga zake zaminga, ndi magalimoto a waya a anyamata aja? Pamasanje tinkasewera ngakhale maliro, kuika chidole m'kadzenje n'kumalira monyengezera. Akuluakulu ankatikalipira kuti tikulodza, koma ndi mmene tinkayesera kumvetsa zimene tinkaona. Masiku ano kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma m'kalasi la ana ochuluka chotero, lopanda ndi pepala lomwe, mphunzitsi amangojambula kapu pabolodi, ana akopere, iye achonge. Zimenezo zimandiwawa, chifukwa mwana amatuluka atakhulupirira kuti satha kujambula.

Tsopano ntchito yako kunyumba. Ika mapepala ndi makirayoni pamalo amene angafikire yekha, osati m'kabati yokiya. Nthawi zina khala naye, iwenso uzijambula zako, ngakhale zikhale zokhota. Chonde usasanduke sing'anga womasulira zithunzi. Pa intaneti pali zambiri zonena kuti mtundu wakuda ukutanthauza imfa, kapena munthu wopanda manja ukutanthauza chakuti. Nthawi zina mwana wasankha wakuda chifukwa enawo athyoka. Mwini chithunzi ndiye amadziwa tanthauzo lake, ndiye ungomuuza kuti, "Tandiuza za chithunzichi." Akakana, musiye. Akajambula bambo ake m'bokosi usamulande kapena kumuuza kuti ajambule maluwa. Misozi ikakutuluka, ituluke, aone kuti kulira bambo ake n'kololedwa m'nyumbamo. Akachokera kwa katswiri usamupanikize ndi mafunso. Ukafuna kudziwa mmene zikuyendera, pempha nthawi yoyankhula ndi katswiriyo pawekha. Masabata oyamba mwana angaoneke ngati ukali wawonjezeka, popeza zobisika zayamba kutuluka. Zikatero umuuze katswiriyo, osangomusiyitsa.

Ndipo udziwe kuti mwayi uli nawowo kuno ndi wosowa. Anthu akamva za matenda a maganizo amangoganiza za chipatala cha ku Zomba kapena St John of God ku Mzuzu, ndipo kumeneko amapita zinthu zitafika kale poipa. Ilipo nambala yaulere ya ana ya 116, koma mwana wa kumudzi amene wangoti zii kawirikawiri amangotchedwa wamanyazi kapena wamwano. N'chifukwa chake ife kutchalitchi tayamba kumasonkhanitsa ana Loweruka masana, tikuyala mphasa, tikuwapatsa mapepala otsala a m'maofesi, makala ndi dongo. Sitikudzitcha akatswiri, ndipo tikaona mwana amene zake zatikulira timauza a zachisamaliro cha anthu.

Ngati pali wina wobwera kuno pa Khirisimasi, utitumizireko makirayoni okhuthala aja, chifukwa opyapyala sachedwa kuthyoka m'manja mwa tiana. Ine ndikupatsira ufa wa mgaiwa ndi usipa monga unapempha. Undiuze tsiku limene adzayambe kuti ndidzakuimbire madzulo ake. Iwenso uzidya, ndamva kwa achimwene ako kuti waonda. Umupsompsone mwanayo, umuuze kuti azakhali ake a ku Blantyre akumusowa.

Ndine mnzako wa kalekale.