Kalata kwa mdzukulu wanga: za Saulo ndi munthu amene anamutcha mbale

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi atate ako. Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo amavuta kukazizira.

Amayi ako andiuza pa foni kuti ku Sande sukulu akusankha kuti ukhale Saulo m'sewero, ndipo iwe wakanitsitsa, akuti sufuna kukhala munthu woipa. Ndaseka, koma ndakumvetsa. Tamvera ndikufotokozere za munthu ameneyu.

Saulo anabadwira mumzinda wa Tariso, dera limene lero lili m'dziko la Turkey. Anali Myuda wa fuko la Benjamini, ndipo anaphunzira malamulo a Mose ku Yerusalemu kwa mphunzitsi wotchuka dzina lake Gamalieli. Anali wanzeru, wakhama, wodziwanso kusoka mahema. Sanali mbava kapena chidakwa ayi. Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhanza zonse zimene ankachita, iye ankaganiza kuti akutumikira nazo Mulungu.

Masiku amenewo, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, otsatira a Yesu ankadziwika kuti anthu a Njira. Pakati pawo panali Stefano, mmodzi mwa amuna 7 amene anasankhidwa kuti aziyang'anira kagawidwe ka chakudya kwa amayi amasiye. Chifukwa cholankhula za Yesu mopanda mantha, anthu anamukokera kunja kwa mzinda n'kuyamba kumugenda ndi miyala. Ogendawo anavula malaya awo n'kuwasiya pamapazi a mnyamata wina kuti awasungire. Mnyamatayo anali Saulo. Baibulo silinena kuti iye anaponyako mwala, koma limati anagwirizana nazo zoti Stefano aphedwe. Asanatsirizike, Stefano anagwada n'kufuula kupempha Ambuye kuti asawawerengere anthuwo tchimo limeneli. Ine ndimakhulupirira kuti mawu amenewo Saulo anawamva ndi makutu ake.

Kuyambira tsiku limenelo ku Yerusalemu kunalibe mtendere. Saulo ankalowa nyumba ndi nyumba, kukoka amuna ndi akazi omwe n'kukawatsekera m'ndende. Tangoganiza, m'nyumba zimenezo munali ana a msinkhu wako. Okhulupirira ambiri anathawira m'madera a Yudeya ndi Samariya, ndipo kulikonse kumene anafika ankanenabe za Yesu. Saulo sanakhutire. Anapita kwa mkulu wa ansembe kukatenga makalata omuloleza kukagwira anthu ku Damasiko, mtunda woposa makilomita 200.

Atatsala pang'ono kufika, dzuwa lili paliwombo, kunawala kuunika kochokera kumwamba koposa dzuwa lenilenilo, iye n'kugwa pansi. Pazithunzi zambiri amamujambula akugwa pahatchi, koma m'Baibulo mulibe hatchi, choncho aphunzitsi ako asavutike n'kuifunafuna. Anamva mawu akumuitana kawiri: "Saulo, Saulo, ukundizunziranji?" Atafunsa kuti ndinu yani, anayankhidwa kuti: "Ndine Yesu amene ukumuzunza." Waona? Yesu sananene kuti ukuzunza anthu anga. Anati ukuzunza Ine. Chikoti chilichonse chimene chinagwera anthu aja, Iye ankachimva.

Komatu Saulo sanali pa ulendo wokapepesa. Makalata aja anali nawobe, mtima uli wodzaza ndi ukali. Palibe chabwino chimene anali atachita choti Yesu amufunefune nacho. Yesu ndiye anayamba kumuitana. Chimenecho ndicho chisomo chimene mumachiimba m'tchalitchi chija.

Atadzuka anapeza kuti sakuona. Munthu amene ankakoka anzake, tsopano anachita kumugwira dzanja polowa mumzinda. Anakhala masiku atatu m'nyumba ya Yudasi, pamsewu wotchedwa Woongoka, osadya, osamwa. Msewu umenewu ulipobe mpaka lero m'chigawo chakale cha mzindawo, m'dziko la Syria.

Tsono tafika pa munthu amene ine ndimamukonda koposa m'nkhani yonseyi, ngakhale kuti satchulidwa kawirikawiri. Dzina lake Hananiya, wokhulupirira wamba wa ku Damasiko. Ambuye atamuuza kuti apite kwa Saulo, sanabise mantha ake. Anawakumbutsa Ambuye zoipa zimene munthuyo anachita ku Yerusalemu, ndi zimene anadzera ku Damasiko. Ndikanakhala ine, mwina ndikanatseka chitseko n'kuikirako mpiringidzo. Ambuye anangoti pita, munthu ameneyu ndamusankha. Hananiya ananyamuka. Analowa m'nyumba muja, n'kupeza mdani wa abale ake atakhala chete, wosaona, wanjala. Akanatha kumudzudzula, ndipo palibe akanamunena. Koma anamusanjika manja n'kumutcha kuti "Saulo, mbale wanga." Pomwepo m'maso mwa Saulo munagwa zinthu zonga mamba a nsomba, n'kuyamba kuonanso. Anabatizidwa, kenaka anadya, mphamvu n'kubwerera.

Usaganize kuti zinthu zinangoyenda bwino kuyambira pamenepo. Atayamba kulalikira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anthu ena a mumzindamo anapangana zomupha, mpaka kumadikirira pazipata usana ndi usiku. Okhulupirira anamuthawitsa usiku pomutsitsira kunja kwa linga ali m'dengu lalikulu, longa lija timatutira chimanga. Atafika ku Yerusalemu, abale kumeneko anamuopa, ndipo ine sindiwaimba mlandu, pakuti Stefano anali m'manda ndipo mabala anali asanapole. Amene anamuikira kumbuyo Saulo anali munthu wina wamtima wabwino dzina lake Barnaba.

Saulo yemweyu ndiye Paulo amene timawerenga makalata ake. Mwa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, 13 ali ndi dzina lake. Iyenso analawa zimene ankachitira ena. Analemba yekha kuti kasanu anakwapulidwa zikoti 39, katatu anamenyedwa ndi ndodo, kamodzi anagendedwa ndi miyala, ndipo katatu chombo chinamuswekera panyanja. Zakale zake sanazibise. Polembera Akorinto anati sayenera n'komwe kutchedwa mtumwi popeza anazunza mpingo wa Mulungu, koma ali monga alili chifukwa cha chisomo cha Mulunguyo. Mbiri yakale ya mpingo imati anaphedwa ku Roma m'nthawi ya mfumu Nero, amene anazunza Akhristu kwambiri moto utaononga mzindawo m'chaka cha 64.

Uwapemphe amayi ako akuwerengere Machitidwe a Atumwi mutu 9 musanagone, ndipo ukandilembera undiuze chimene iwe ukanachita ukanakhala Hananiya. Undilembere ndi dzanja lako, zilembo zikuluzikulu, maso angawa akalamba. Upereke moni kwa onse kumeneko, ndipo mtedza umene ndatumiza ugaweko ndi mlongo wako.

Ndine agogo ako aakazi okukonda.