Tisamale poika kabuleta ya SU pa Land Rover zakale

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi eni ake a galimoto zakale za Land Rover pamodzi ndi amakaniko amene amazikonza, pa chizolowezi chimene chafala m'magalaja athu chochotsa kabuleta (chida chosakaniza mpweya ndi petulo) imene galimoto inabwera nayo n'kuikapo ina iliyonse yopezeka kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndagwira ntchito ya umakaniko kwa zaka zambiri ndipo kusinthako sindikukutsutsa, pakuti Land Rover yanga ya Series IIA ikuyendera kabuleta ya SU imene sinachoke nayo ku fakitale. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amayesa ntchito yatha mabawuti akangolowa ndipo injini ikalira, chonsecho zofunika kwambiri zimakhala zisanayambike n'komwe.

Injini ya petulo ya masilinda anayi ya 2,286 cc inayamba kuikidwa mu Series II m'chaka cha 1958, ndipo inapitirira mu Series IIA ndi mu Series III imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Zoyambirira zinkabwera ndi kabuleta ya Solex, kenaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayamba kuikamo Zenith 36IV, ndipo imeneyi ndiyo ili pa galimoto zambiri zimene zatsala kuno. Zenith ili ndi nthenda yodziwika bwino: chivindikiro chake chimapindika pang'ono ndi kutentha kwa zaka zambiri, mphira yozungulira ya mkati imauma, ndipo petulo amayamba kudutsa pomwe sayenera kudutsa. Zikatero galimoto imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amada ndi mwaye ndipo mafuta amatha msanga. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Munthu amayala sandipepa wosalala pa galasi, n'kupalapo nkhope za zitsulozo mofatsa mpaka zitalingana, kenaka n'kuikamo mphira ndi gasiketi zatsopano. Ndaona makabuleta ambiri a Zenith atatayidwa ali ochiritsika, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambe wayesa zimenezi, awonenso taimingi ndi mpata wa mavavu umene pa injiniyi ndi 0.25 mm, asanaganize zogula kabuleta ina. Kawirikawiri vuto limene timanamizira kabuleta limakhala lili ku distributor, chida chogawira magetsi ku mapulagi.

Komabe ilipo nthawi imene Zenith imakhala itatheratu, makamaka chitsulo chotsegulira mpweya chikadya mabowo ake moti mpweya ukulowera m'mbali. Apa ena amagula kabuleta ya Weber 34ICH imene imakhala popanda vuto pa manifodi, chitsulo cha mapaipi olowetsa mpweya ndi petulo mu injini, ndipo ndi njira yabwino kwa amene angaipeze. Ine ndinasankha SU ya mtundu wa HS6, yomwe khosi lake ndi pafupifupi 44 mm, ndipo chifukwa chake ndi kapangidwe kake. Makabuleta a SU ndi a ku Britain, anayambitsidwa ndi banja la Skinner kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ankaikidwa pa galimoto za Morris, Austin, MG, Rover ndi Volvo zimene achikulire amazikumbukira m'misewu ya Blantyre ndi Zomba. SU ilibe majeti (timabowo todutsira petulo) ambirimbiri ang'onoang'ono otsekeka ndi fumbi. Ili ndi jeti imodzi yaikulu, ndipo mkati mwa jetiyo mumalowa singano yosongoka imene inamangidwa ku pisitoni yoyenda m'chibekete cha pamwamba. Injini ikamakoka mpweya wambiri pisitoniyo imakwera, njira ya mpweya imakula, singano imatuluka m'jeti ndipo petulo amachuluka molingana ndi mpweyawo. Pamwamba pamakhala oyilo pang'ono amene amachedwetsa kukwera kwa pisitoni woyendetsa akaponda moto mwadzidzidzi, kuti injini isatsamwe. Chida chotere munthu angathe kuchimasula ndi kuchitsuka ali kumudzi, ali ndi sikuludiraiva ndi sipanala imodzi, ndipo kwa ife oyenda kutali ndi magalaja chimenechi ndi chamtengo wapatali.

Vuto loyamba ndi la kakhalidwe kake. Solex ndi Zenith zimakhala choimirira ndipo mpweya umatsika kuchokera pamwamba, pamene SU imakhala chogona ndipo mpweya umalowera m'mbali. Pamafunika chigongono chachitsulo cholumikiza kabuleta ndi manifodi, ndipo chigongono chowotcherera mothamanga, chokhala ndi nkhope zosalingana kapena timabowo ta m'mawelodi, chimalowetsa mpweya wakuba umene palibe singano ingaukonze. Nkhope zake zipalidwe pa makina, pakati paikidwe chotchinga kutentha, ndipo kabuletayo ichirikizidwe ndi chitsulo china chifukwa kulemera kwake pa msewu wa mabampu kumang'amba chigongono. Ayesenso ngati boneti ikutsekeka osagunda chibekete, makamaka pa galimoto zonyamula tayala la sipeya pa boneti.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri ndipo chimandipweteka mtima. Poona kuti paipi ya sefa yakale ya mpweya, yokhala ndi oyilo mkati, siikufika pa kabuleta yatsopano, ena amachotsa sefayo n'kumangapo kasefa kakang'ono konyezimira kapena kansalu. Sefa yakale ija anaipangira fumbi ngati lathu la mwezi wa Okutobala, ndipo injini yopuma fumbi limenelo imadya maringi a mapisitoni ake isanathe nyengo ziwiri. Ndi bwino kufunafuna paipi yoyenera ndi kusunga sefayo. Momwemonso kapaipi kopita ku distributor kalumikizidwe pa bowo loyenera la kabuleta, ndipo waya kapena ndodo ya moto ikhale ndi masipuling'i awiri obwezera, pakuti moto wokanirira pa chitsikira ndi ngozi ya imfa.

Mtima wa nkhani yonse ndi singano. SU imene yachotsedwa pa Volvo kapena pa Rover ili ndi singano ndi sipuling'i yokankha pisitoni zosankhidwira injini ya galimoto imeneyo, yothamanga kwambiri ndi yopuma mosiyana ndi injini ya Land Rover imene imakoka katundu pa liwiro lotsika. Singano za SU zilipo zamitundu yambiri, iliyonse ili ndi zilembo zake zodindidwa pa tsinde, ndipo masipuling'i amasiyanitsidwa ndi utoto wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi wabuluu. Kampani ya Burlen ya ku Salisbury ku England ikupangabe zipangizo zimenezi, choncho amene ali ndi abale kunja angathe kuitanitsa singano ziwiri kapena zitatu zoyesera. Poyambira, nati ya pansi pa jeti imatsitsidwa mizungulo iwiri kuchokera pomwe jeti yalingana ndi mlatho, kamtunda ka m'khosi kamene jetiyo imatulukirapo, kenaka injini ikatentha munthu amakweza pisitoni pang'ono kwambiri, osafika milimita imodzi. Injini ikakwera mawu n'kukhala pomwepo ndiye kuti petulo wachuluka, ikafuna kuzima ndiye kuti wachepa, ndipo ikakwera pang'ono n'kubwerera ndiye kuti zili bwino. Koma muyeso umenewu umangonena za injini yolira galimoto itaima. Za pa msewu zimadziwika pokwera chitunda chachitali ndi katundu, kenaka n'kumasula mapulagi: ofiirira ndi abwino, akuda akusonyeza petulo wochuluka, ndipo oyera mbee akuchenjeza kuti injini ikupsa ndi njala ya mafuta.

Pamenepa m'pomwe malangizo olembedwa ku Ulaya sangatikwanire, chifukwa petulo wathu ndi wosiyana. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina inawonjezereka ku Chikwawa m'chaka cha 2004. Msakanizowo umatha kufika magawo 20 pa 100 alionse. Ethanol ali ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi petulo weniweni, choncho injini imafuna mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo, ndipo singano imene buku la ku Britain la m'ma 1960 likunena kuti ndi yoyenera imatha kukhala yomana mafuta kuno. Injini yomanidwa imatentha ndipo imawotcha mavavu otulutsa utsi, amene pa mitu yakale ya injini ali kale pa chiopsezo chifukwa petulo wamtovu amene ankawateteza anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2006. Ethanol amadyanso mphira zakale ndipo amakoka madzi. Pa HS6 pali kapaipi kochokera ku chikho cha fuloti, momwe petulo amasungidwa pa mulingo umodzi, kupita ku jeti, ndipo kamphira ka pa mfundo yake kakafewa petulo amadontha. Mapaipi onse a mafuta, mphira ya m'pampu ndi kavavu ka fuloti zisinthidwe ndi zopirira ethanol, ndipo kabotolo kagalasi ka pansi pa pampu kaziyang'anidwa ngati mwadikha madzi.

Mapiri athu nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi. Galimoto yochoka ku Nsanje, komwe ndi kosafika mamita 100 pamwamba pa nyanja yaikulu, imakwera mtunda wa Thabwa n'kufika ku Blantyre pa mamita oposa 1,000, ndipo ya ku mpoto imatha kuchoka m'mphepete mwa nyanja n'kukafika ku Chelinda pa Nyika, komwe ndi kopitirira mamita 2,000. Mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 pa mamita 1,000 alionse, motero kabuleta yochunidwa ku Chigwa cha Shire imapereka mafuta ochuluka pa phiri, ndipo yochunidwa pa phiri imamana injini ikatsikira kuchigwa kotentha, komwe ndi koopsa kwambiri pa ziwirizi. SU imapirira kusinthaku kuposa makabuleta a majeti okhazikika, ngakhale siikuthetsa kotheratu, ndipo ubwino wake ndi wakuti nati imodzi yokha ndiyo imafunika kupotoza.

Chomaliza pa zaumisiri ndi ngozi ya moto. Pa injiniyi manifodi yolowetsa ndi yotulutsa utsi zili mbali imodzi, choncho kabuleta imakhala pamwamba pa chitsulo chotentha kwambiri. Chikho cha fuloti cha HS6 chili pambali pa kabuleta, ndipo galimoto ikapendekeka kwambiri, monga m'makhota a msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kapena potuluka mumtsinje, mulingo wa petulo umasintha ndipo amatha kusefukira. Bowo losefukira liikidwe paipi yotsikira pansi kutali ndi ekizozi, pakati paikidwe lata lotchinga kutentha, ndipo aliyense amene waika pampu ya magetsi adziwe kuti SU imafuna mphamvu yochepa yokankhira mafuta, pafupifupi mapaundi atatu pa sikweya inchi (psi) kapena kucheperapo. Amene angapeze SU ya mtundu wa HIF, imene chikho chake chili pansi mozungulira jeti, apeza yopirira bwino malo opendekeka.

Galimoto zimenezi zikunyamulabe odwala, chimanga ndi fetereza m'madera amene misewu imaduka nthawi ya dzinja, ndipo amisiri odziwa makabuleta akuchepa chaka ndi chaka pamene achinyamata akuphunzira kwambiri za injini zoyendetsedwa ndi kompyuta. Ndikupempha a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu kuti asunge phunziro la makabuleta pa maphunziro a umakaniko, ndipo aitane amisiri achikulire kukaonetsa ophunzira kuchuna kwake pa injini yolira. Ndikupemphanso eni galimoto kuti makaniko akawaikira kabuleta yachilendo, azimufunsa zilembo za singano imene waikamo, ndi kumuuza kuti awaonetse mapulagi atayesa galimotoyo pa chitunda, asanalipire.

Ine wanu,
Makaniko wopuma pa ntchito,
Zomba