Kalata kwa Akhristu onse: za mpando wa olapa

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu. Ena mwa inu mwafika kwathu kudzafunsa chifukwa chimene sesheni, bwalo la akulu ampingo, yakanira kuimiritsa kutsogolo kwa mpingo mwana wathu amene wapezeka ndi pakati. Mwati kale zinkatero. Zoonadi zinkatero, koma ndikufuna mudziwe kumene mwambowu unachokera ndi zimene unabala.

Amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 anali a ku Scotland, ndipo sesheni yathuyi inachokera kwawoko. Kumeneko, chiyambire kukonzanso kwa mpingo mu 1560, akulu ampingo ankayendera limodzi ndi boma poweruza milandu ya dama. Mu 1563 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti wachigololo wochita poyera aphedwe, ngakhale kuti ophedwadi anali ochepa. Lamulo la 1567 linati ogonana asanakwatirane alipire mapaundi 40 a ku Scotland. Wosowa ndalamazo ankatsekeredwa masiku 8 akupatsidwa buledi ndi chakumwa chabe. Mutha kuona nokha amene ankagona m'ndende ndi amene ankagona kwawo.

M'tchalitchi munali mpando wautali pafupi ndi gome. Wochita dama ankakhalapo Masabata atatu, maso onse ali pa iye, mbusa akumudzudzula. Wachigololo ankavala chiguduli, nthawi zina mpaka theka la chaka. Mtsikana akakana kutchula mwini mimba, azamba ankamufunsa pa nthawi yochira, ululu utafika pachimake. Pa chimodzi ndimawayamikira akulu aja: ankamusaka mwamunayo kuti asamalire mwana. Komabe mwamuna ankatha kulumbira kuti si iye, kapena kuthawira kutali. Mkazi akanathawira kuti? Mimba sibisika.

Choncho atsikana ena, poopa mpando uja, anayamba kudzimanga pamimba ndi kukaberekera kwaokha. Mu 1690 panabwera lamulo loti mkazi wobisa pakati, wosaitana womuthandiza pobereka, mwana akapezeka atafa kapena atasowa, ayesedwe wakupha ngakhale popanda umboni wina. Akazi ena ananyongedwa ndi lamulo limeneli, ndipo linasinthidwa mu 1809. Ndikawerenga zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa anthuwa ankapemphera Mulungu yemweyu amene timapemphera ife.

Ndili mnyamata ndinaona mtsikana ataimiritsidwa m'tchalitchi cha kwathu. Anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, miyendo ikunjenjemera, mayi ake atazyolika. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo anali pa benchi ya kwaya, ndipo anaimba nawo nyimbo yotsekera. Mtsikanayo sanapondenso m'tchalitchimo.

Tchimo sitikulichepetsa ayi. Dama ndi tchimo, ndipo mwambo wa mpingo ulipobe. Mwana wathuyu waima kaye pa Mgonero ndipo alowa kalasi, monga mwa dongosolo lathu. Mnyamata amene wamupatsa pakatiyo nayenso waitanidwa, pamodzi ndi makolo ake ndi amalume ake, kuti tikambirane za chisamaliro cha mwana. Zonsezi zichitikira m'chipinda cha sesheni, chitseko chotseka.

Amayi a chigawo chake, ndikupemphani awiri a inu mumuperekeze ku sikelo sabata ino, chifukwa sanayambe. Abambo, nkhaniyi isamveke pamsika kuchokera pakamwa pathu. Akulu ampingo tikumana Loweruka 9 koloko m'mawa, ndipo amene akadali ndi funso abwere tidzakambirane pamaso.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.