Chilengezo: kuyezedwa kaganizidwe Loweruka lino

Mamembala a gulu la odwala chiwindi,

Loweruka lino 9 koloko mmawa tikumana pa shedi ya kuseri kwa kiliniki, anesi adzatiyeza kaganizidwe. Chiwindi chikauma ndi cirrhosis chimalephera kusefa ammonia (poizoni wina wa m'magazi) ndiye imakafika ku ubongo, munthu umaoneka bwinobwino koma kuiwalaiwala, masana tulo usiku maso gwa, oyendetsa kabaza nde zoopsa zedi. Palibe jakisoni, mudzatchula mayina a nyama ambiri momwe mungathere pa mphindi imodzi kenako kulumikiza manambala 1 mpaka 25 papepala.

Bweretsani:
- buku lakuchipatala
- mankhwala onse omwe mukumwa, lactulose yemwe
- magalasi ngati mumavala
- gadiyani wanu, iyeyo ndi amene amaona zikasintha
- K1,000 ya tiyi

Yankhani pagulu pano pofika Lachinayi ngati mubwere.