Lipoti la msonkhano wa ku Mangochi uja

A chair ndi aphunzitsi anzanga nonse a wildlife club, ndabwerako ku Mangochi kuja munandituma, ndafika dzulo usiku. Ma risiti ndipereka kwa a treasurer Lolemba.

Tsiku loyamba linangothera ma lipoti a makalabu. Lachiwiri ndi lomwe landipatsa zonena, kunayankhula mayi wina wasayansi amene moyo wake wonse wakhala akufufuza mbuna, tinsomba towala tija timakhala m'miyala. Nyanja yathu ya Malawiyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo mbuna, utaka ndi ncheni kholo lawo ndi limodzi, chambo yekha ndi wa fuko lina. Mbuna sizikonda kuoloka pamchenga kapena pakuya ndiye za pachilumba ichi sizikumana ndi za chilumba icho, komanso yaikazi imasankha yamphongo poona mawanga ake, mibadwo ikapita yambirimbiri basi zasiyana, sizikwerananso. Evolution yomwe timavutika nayo pa bolodi ija ndi imeneyi, ili pa Cape Maclear pompa! Nchifukwa chake paki ya m'nyanja inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations, inaizindikira ngati malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Koma chandikhudza ine ndi kagwiridwe ka ntchito ka mayi wasayansi uja. Amamira pansi kuwerenga nsomba, kudula kachipsepse kokayeza DNA ku labu, kenako amakakhala padoko ndi asodzi. Akuti msodzi ukamuuza za biodiversity (kuchuluka kwa mitundu ya zamoyo) amangokuyang'ana, koma ukamukumbutsa kuti chambo amasunga mazira ndi ana mkamwa ndiye khoka likagwira mayi mmodzi lapha banja lonse, nkhani yotseka nyanja mu November ndi December imamveka yokha, yoletsa kugwira nsomba ndi neti za udzudzu chimodzimodzi. Ndipo asodziwo amawaphunzitsanso iwo, mayina a nsomba ndi malo oswanirana amawadziwa kuposa buku.

Ndinafunsa kuti mwana wathu angafike bwanji pamenepo, anati ayambe ndi Biology ndi masamu, aphunzire kusambira, asamachite manyazi kufotokoza sayansi m'Chichewa. Zandipweteka kuti ana athu ambiri mbuna sanaionepo pomwe anthu aku Ulaya amaziweta m'nyumba zawo.

Pempho langa, term ikubwerayi a Form 3 tipite nawo ku Cape Maclear, ndipo aliyense abwere ndi mayina a nsomba ofunsa kwa agogo ake. A chair, muiike pa agenda ya Lachisanu chonde.